Utoto wa Buluu Wolimbana ndi Khansa: Ntchito ya Pulofesa Tebello Nyokong

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu ya sayansi. Tisanayambe ndili ndi pempho. Amene muli ndi tochi pafupi, ngakhale ya pafoni yomweyo, itengeni muike pambali. Musayatse kaye, tiifuna pakati pa pulogalamu.

Lero tikupita ku South Africa, koma osati ku Johannesburg komwe kuli abale athu ambiri. Tikutsikira kumunsi, m'chigawo cha Eastern Cape, m'tauni yaing'ono ya Makhanda, imene mpaka 2018 inkatchedwa Grahamstown. Kumeneko kuli yunivesite ya Rhodes, ndipo pa yunivesiteyo pali mayi wina amene watha zaka zoposa 30 akufufuza utoto wa buluu. Mwamva bwino, utoto. Dzina lawo ndi Pulofesa Tebello Nyokong, katswiri wa kemisitiri. Kuti ndisasochere ndekha m'nkhalango imeneyi, ndili ndi bambo amene aphunzitsa kemisitiri ku sekondale mpaka choko kulowa m'zikhadabo. Takulandirani aphunzitsi.

APHUNZITSI: Zikomo mayi. Moni kwa omvera onse, makamaka a Folomu 3 ndi Folomu 4 amene amati akamva za kemisitiri mutu umayamba kuwawa.

WOULUTSA: Ndiyambe ine ndi mbiri yawo, inu mubwere pa zovutazo. Mayi Nyokong anabadwa pa 20 Okutobala 1951 ku Maseru, likulu la dziko la Lesotho. Lesotho ndi dziko lamapiri okhaokha, lozunguliridwa ndi South Africa mbali zonse. Malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400, ndipo phiri lake lalitali, Thabana Ntlenyana, limafika mamita 3,482, kuposa Sapitwa wathu wa ku Mulanje amene ali pa 3,002. Nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa. Ali ndi zaka ngati 8, mtsikanayu anatumizidwa kukakhala ndi agogo ake kumapiriko, ndipo kumeneko moyo wake unali wotere: lero kusukulu, mawa kubusa ndi nkhosa, mkuja kusukulunso. Nsapato analibe. Iwo eni akhala akunena kuti chimodzi mwa zinthu zimene ankalakalaka ali mwana chinali nsapato zawozawo.

Atafika ku sekondale anamva zimene atsikana ambiri amamva mpaka lero, zoti sayansi ndi yovuta, imeneyo ndi ya anyamata. Anaisiya. Kutatsala zaka ziwiri zokha kuti amalize sekondale, anasintha maganizo n'kulowa kalasi ya sayansi, anzake atapita kale patsogolo. Anawathamangira mpaka kuwapeza, ndipo mu 1977 analandira digiri yoyamba ya kemisitiri ndi bayoloje ku National University of Lesotho.

APHUNZITSI: Mayi, ndiloleni ndidule pakamwa pamenepo. Nkhani ya nkhosayi ndi yoona ndipo ndi yokoma, koma ine imandidetsa nkhawa mmene anthu amaikambira. Amaikamba ngati kuti nkhosazo ndi zimene zinapanga pulofesa. Ayi. Ana amene anaweta nkhosa m'mapiri amenewo ndi ambirimbiri, ena anali anzeru ngati iwo, koma sitinawamvepo. Chimene chinasiyana n'chakuti mwanayu sanachotsedwe sukulu, kalasi ya sayansi inamulola kulowa mochedwa, ndipo atamaliza digiri panapezeka thandizo la ndalama lomutengera ku Canada. Khama linalipo, lalikulu. Koma khasu lakuthwa popanda munda limangochita dzimbiri.

WOULUTSA: Ndavomera. Ku Canada anakachita digiri yachiwiri ku McMaster University mumzinda wa Hamilton, n'kumaliza mu 1981. Digiri ya udokotala, ija timati PhD, anaimaliza mu 1987 ku University of Western Ontario, mumzinda wa London wa ku Canada, osati wa ku Britain. Apo n'kuti ali ndi zaka zoposa 35. Kenako anakachita kafukufuku ku University of Notre Dame ku America pa thandizo la Fulbright, anaphunzitsako kwawo ku Lesotho, ndipo mu 1992 anayamba ntchito ku Rhodes ngati lekichala wamba. Kumbukirani nthawiyo. Nelson Mandela anali atangotuluka m'ndende mu 1990, chisankho cha anthu onse cha 1994 chisanachitike. Mayi wakuda kukaphunzitsa kemisitiri pa yunivesite imene kwa zaka zambiri inali ya azungu sichinali chinthu chozolowereka.

Tsopano aphunzitsi, utoto uja. Munthu wophunzira chonchi n'kumalimbana ndi utoto, zikugwirizana bwanji?

APHUNZITSI: Utotowu dzina lake ndi phthalocyanine. Musavutike ndi kalembedwe kake, ngakhale ine pabolodi ndimayamba ndaima kaye. Koma aliyense wa inu anauonapo. Inki ya buluu wowala imene makina osindikizira amagwiritsa ntchito, penti wa buluu wa magalimoto ambiri, mapulasitiki a buluu ndi ena obiriwira, m'zambiri mwa zimenezi muli utoto umenewu. Manyuzipepala ena amakonda kulemba kuti mayiwa amagwiritsa ntchito utoto wa mabuluku a jinzi. Pamenepo ndikonzeko pang'ono: buluu wa majinzi ambiri ndi utoto wina wotchedwa indigo. Mtundu ukufanana, koma ndi mabanja awiri osiyana.

Utoto wathuwu unapezeka mwangozi. Mu 1928, pa fakitale ya Scottish Dyes ku Grangemouth m'dziko la Scotland, ankaphika mankhwala ena oyera m'thanki yachitsulo. Mkati mwa thankiyo munali mokutidwa kuti mankhwala asakhudzane ndi chitsulo, koma penapake panang'ambika. Mankhwala atakhudza chitsulo panatuluka zinthu za buluu zimene sankazifuna. Kwa mwini fakitale kumeneko kunali kuwonongeka kwa katundu. Koma akatswiri a pamenepo ataziyesa anadabwa: kuziwotcha sizikusintha, kuziika padzuwa sizikusuluka. Inu mayi mukudziwa chimene dzuwa limachita ndi chitenje mukachiyanika kawirikawiri.

WOULUTSA: Chimasanduka chigamba cha mbuu.

APHUNZITSI: Eya. Koma ichi ayi. Katswiri wina wa ku Imperial College ku London, Patrick Linstead, ndiye anafufuza kapangidwe kake m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika 1935 utotowu, atauika kopa m'malo mwa chitsulo, unali pamsika.

Kapangidwe kakeko ndiye pagona nkhani. Ganizirani nkhata yosenzera mtsuko. Molekyulu ya utotowu ili ngati nkhata yaphwatalala, yolukidwa ndi maatomu 32 a kaboni ndi 8 a naitirojeni, pakati pali bowo. Pabowopo maatomu anayi a naitirojeni ayang'ana mkati, okonzeka kugwira atomu imodzi ya chitsulo chilichonse chimene mwaikapo. Mukhoza kuikapo kopa, zinki, aluminiyamu, kobati, mitundu yambirimbiri. Ndipo chilichonse chimene mwaikapo chimasintha khalidwe la nkhata yonse.

Chodabwitsa n'chakuti chilengedwe chinayamba kale kuluka nkhata zotere. M'magazi mwanu muli nkhata yofanana nayo, pakati pake pali ayironi, ndipo ndi imene imanyamula mpweya wa okosijeni n'kufiiritsa magazi. M'tsamba la nkhwani muli inanso, pakati pake pali maginiziyamu, ndiyo imagwira kuwala kwa dzuwa n'kubiriwitsa tsambalo. Choncho phthalocyanine ndi msuweni wa magazi ndi masamba, kungoti iyeyu anabadwira m'fakitale.

WOULUTSA: Ndiye msuweni ameneyu akukumana bwanji ndi khansa?

APHUNZITSI: Poyamba tichotse kudabwa koti utoto ungakhale mankhwala. Tonse tinapakidwapo GV pachilonda kapena m'kamwa tili ana. Uja ndi utoto. Mu 1891 ku Germany, Paul Ehrlich ndi mnzake anayesa utoto wina, methylene blue, pa odwala malungo. Ndiye utoto ndi chipatala anadziwana kalekale.

Chachilendo chinabwera cha m'ma 1900 ku Munich. Wophunzira za udokotala wina, Oscar Raab, ankayesa utoto wotchedwa acridine pa tizilombo ta m'madzi tosaoneka ndi maso. Zotsatira zake zinkasinthasintha, muyeso wa utoto uli womwewo. Atalondola bwino anapeza kuti chikusintha ndi kuwala. Mumdima tizilombo tinkakhala nthawi yaitali, poyera tinkafa msanga. Kuwala pakokha sikunkatipha. Mphunzitsi wake, Hermann von Tappeiner, anapitiriza ntchitoyo, ndipo zinadzadziwika kuti pamafunikanso chachitatu: okosijeni.

Apa ndimakonda kuwauza ana za mafuwa. Mphika sukhala pa fuwa limodzi, sukhalanso pa awiri. Utoto paokha, pa muyeso woyenera, suvulaza. Kuwala kofiira pakokha sikuvulaza. Okosijeni ndiye tikupuma pano. Koma zitatuzi zikakumana malo amodzi, selo limene lili pamenepo limafa. Njira imeneyi madokotala amaitcha photodynamic therapy, mwachidule PDT, kutanthauza kuchiza pogwiritsa ntchito kuwala.

Zimayenda motere. Wodwala amabayidwa utoto uja, kapena kupakidwa ngati vuto lili pakhungu. Ndiye amadikira, maola angapo kapena masiku awiri, malinga ndi mankhwala ake. Pa nthawiyi utoto umachoka m'malo ambiri a thupi koma umatsalira kwambiri m'chotupa, chifukwa mitsempha ya magazi ya chotupa imamera mothamanga, imakhala yobookabooka, ndipo chimene chalowamo chimavuta kutuluka. Kenako dokotala amaunika pachotupa pokhapo ndi kuwala kofiira kwa laser. Molekyulu ya utoto imameza kuwalako n'kukhala ndi mphamvu yoposa muyeso. Mphamvuyo imaipatsira kwa okosijeni amene ali pafupi, ndipo okosijeniyo amalusa. Okosijeni wolusayu akatswiri amamutcha singlet oxygen. Chilichonse chimene wakumana nacho m'selo, kaya mafuta a khungu la selo, kaya mapuloteni, amachiwononga.

WOULUTSA: Nanga salowerera thupi lonse?

APHUNZITSI: Ubwino wake uli pomwepo. Ukali wake sukhalitsa. M'madzi umatha m'kanthawi kochepa zedi: mutagawa sekondi imodzi m'magawo miliyoni, magawo atatu kapena anayi okha, basi waphwa. Sayenda mtunda, amafera pomwe wabadwira. Ndiye malo amene sanaunikidwe amatsala bwinobwino. Yerekezani ndi mankhwala a khansa ambiri a chemotherapy, amene amayenda thupi lonse n'kugunda selo lililonse logawikana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo munthu amasanza. Chinanso, utoto uja ukapereka mphamvu umabwerera mwakale, wokonzeka kumezanso kuwala kwina. Molekyulu imodzi imatha kubwereza ntchitoyi kambirimbiri.

WOULUTSA: Omvera, nthawi ya tochi ija yakwana. Aphunzitsi, tichite chiyani?

APHUNZITSI: Yatsani tochiyo, muiphimbe ndi zala zanu mozithinitsa. Ngati muli padzuwa lowani m'nyumba. Mukuona chiyani?

WOULUTSA: Zala zanga zafiira ngati khala lamoto.

APHUNZITSI: Koma tochiyo ikutulutsa kuwala koyera, kumene ndi mitundu yonse ya utawaleza pamodzi. Wabuluu ndi wobiriwira wamezedwa ndi magazi ndi mnofu. Wofiira yekha ndiye wadutsa. Choncho ngati mukufuna utoto woti ukagwire ntchito mkati mwa mnofu, uyenera kukhala utoto womeza kuwala kofiira. Ndipo chinthu chimene chimameza kuwala kofiira n'kubweza kwinako, maso athu amachiona cha buluu kapena chobiriwira. Mwaona pamene utoto wathu uja walowera? Phthalocyanine amameza kuwala kofiira mwamphamvu kwambiri, makamaka kofiira kozama kumene kumalowa mkati ndithu.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene, tikukamba za Pulofesa Tebello Nyokong a ku yunivesite ya Rhodes ndi kafukufuku wawo. Aphunzitsi, mwati njirayi inayamba kalekale. Ndiye mayiwa akufufuzanso chiyani?

APHUNZITSI: Funso labwino, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti iwo ndiwo anatulukira PDT. Ayi. Amene anaifikitsa m'chipatala masiku ano ndi Thomas Dougherty wa ku Roswell Park mumzinda wa Buffalo ku America, m'zaka za m'ma 1970. Mankhwala oyamba, Photofrin, anavomerezedwa ku Canada mu 1993 pa khansa ya chikhodzodzo, ndipo ku America mu 1995 pa khansa ya kummero, matenda amene kuno kwathu avuta kwambiri. Koma Photofrin ali ndi zilema. Ndi chisakanizo cha mamolekyulu osiyanasiyana. Kuwala kofiira amakumeza mofooka. Ndipo amachedwa kuchoka pakhungu, moti wodwala amayenera kubisala dzuwa kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo, apo ayi khungu lipsa. Taganizani mlimi wa ku Nsanje kumuuza kuti mwezi wonse asaone dzuwa.

Ntchito ya labotale ya Mayi Nyokong ndi kufunafuna utoto woposa pamenepo. Ndipo ndi ntchito yotopetsa, ndikuuzeni. Choyamba, pabowo paja muikepo chiyani? Kopa, amene amapanga penti wokongola uja, pano ndi wachabechabe, chifukwa amataya mphamvu ija msanga isanafike kwa okosijeni. Zinki, aluminiyamu, galiyamu ndi indiyamu ndiwo amasunga mphamvuyo nthawi yokwanira. Maatomu olemera amathandiza kuti mphamvu yambiri ilowere njira yopita kwa okosijeni.

Chachiwiri ndi vuto la madzi. Khalidwe lomwe lija limene limachititsa utotowu kukhala penti wabwino, kusasungunuka, ndilo limauletsa kukhala mankhwala, pakuti magazi ndi madzi. Ndiponso popeza mamolekyuluwa ndi aphwatalala, akalowa m'madzi amasanjikizana ngati mbale pathandala. Akasanjikizana amangopatsirana mphamvu okhaokha n'kuitaya ngati kutentha, okosijeni osalandira kanthu. Ndiye akatswiri amasokerera timagulu ta maatomu m'mphepete mwa nkhata ija, tina tokonda madzi, tina tonga minga toletsa kusanjikizana. Mukasuntha kagulu kamodzi kuchoka pangodya iyi kupita iyo, zotsatira zasintha. Muyambirenso kuyeza.

Chachitatu, utoto udziwe bwanji kumene ukupita? Apa ndi pamene pabwera nanotechnology, luso la tinthu tating'onoting'ono. Nanomita imodzi ndi mita kuigawa magawo biliyoni, ndipo tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanomita pafupifupi 80,000. Gulu la Mayi Nyokong limamangirira utoto pa timibulu totere, mwachitsanzo ta golide, kuti tiunyamule. Layesanso kumangirirapo folic acid, yemwe uja amayi oyembekezera amalandira kusikelo. Maselo a mitundu ina ya khansa amamufuna kwambiri vitamini ameneyu chifukwa akukula mothamanga, ndiye amamukokera mkati, osadziwa kuti pa nyamboyo pali mbedza.

WOULUTSA: Kodi tsiku la munthu wochita zimenezi limakhala lotani?

APHUNZITSI: Si la m'mafilimu. Wophunzira amaphika molekyulu yake, mwina masiku angapo. Kuiyeretsa kumatenga nthawi yoposa kuphikako. Kenako atsimikize ndi makina kuti chimene wapanga ndi chomwe amafuna, chifukwa nthawi zambiri sichikhala chimenecho. Akatero ayeze kuti pa kuwala konse kumene molekyuluyo yameza, ndi gawo lanji limene labala okosijeni wolusa uja. Ngati nambala yake ndi yabwino, aiyese pa maselo a khansa olimidwa m'mbale, monga aja otchedwa MCF-7, ochokera ku khansa ya m'mawere. Mbale ina aisiye mumdima, ina aiunike. Mankhwala abwino ndi amene mumdima sapha kanthu koma poyera amapha. Akapha mumdima momwe, ameneyo ndi poizoni wamba, mutayeni.

Zikatha apo alembe pepala, alitumize ku magazini ya akatswiri. Mkonzi amalipereka kwa akatswiri ena, osatchulidwa maina, kuti alisanthule n'kulipezera zifukwa. Likhoza kubwerera kawiri katatu. Mapepala amenewa ndiwo makwerero a pa yunivesite: lekichala, lekichala wamkulu, wachiwiri kwa pulofesa, kenako pulofesa. Mayi Nyokong ali ndi mapepala otere mazanamazana.

WOULUTSA: Pano ndiyankhule mosapsatira, chifukwa ndikudziwa kuti pali wina akumvera amene ali ndi wodwala m'nyumba. Zimene tikukambazi si mankhwala oti mukawapeza kufamase mawa. Kuchoka pa mbale ya m'labotale kufika pa wodwala pali kuyesa pa nyama, kenako pa anthu ochepa, kenako pa anthu ambiri, ulendo wotenga zaka khumi kapena kuposa ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo mamolekyulu ambiri amagwera m'njira.

APHUNZITSI: Komanso PDT payokha ili ndi malire. Kuwala kofiira kumalowa mamilimita ochepa, kukachuluka sentimita imodzi. Choncho imathandiza pakhungu, ndi m'malo amene dokotala angalowetse kachingwe kotumiza kuwala, monga kummero, m'njira za mpweya ndi m'chikhodzodzo. Khansa imene yafalikira m'thupi simungaiunike. Ndipo chonde, wina asatenge penti kapena inki n'kupaka pachotupa n'kukakhala padzuwa. Mudzivulaza. Chotupa chosadziwika bwino, chilonda chosapola, kuvutika kumeza, pitani kuchipatala msanga. Amayi, kukayezetsa khomo la chiberekero musakuzengereze.

WOULUTSA: Ndamva kuti utoto womwewu aupezeranso ntchito zina.

APHUNZITSI: Zingapo. Okosijeni wolusa uja sasankha, amapha mabakiteriya, amaphwanyanso mankhwala oipa amene alowa m'madzi, ndiye gulu la Mayi Nyokong limayesa kuyeretsa madzi ndi utoto ndi kuwala. Amapakanso utotowu, makamaka wokhala ndi kobati kapena ayironi pakati, pa timawaya ta magetsi kuti tizitha kuzindikira mankhwala ophera tizilombo ndi zoipa zina ngakhale zili zochepetsetsa. Ndiponso pali ntchito yopanga zotchingira maso zimene kuwala wamba zimakulola kudutsa koma kukabwera kuwala kwa laser kwamphamvu zimakutchinga, poganizira oyendetsa ndege amene anthu osaganiza bwino amawathwanimitsa m'maso. Zonsezi n'zochokera pa nkhata imodzi yomwe ija.

Koma mukandifunsa ine chimene ndimachiona chachikulu pa ntchito ya mayiwa, si molekyulu ayi. Ndi labotale. Ine ndinaphunzitsapo pa sukulu ina kumene chipinda cholembedwa kuti labotale chinali chosungiramo matumba a chimanga. Mtundu wa mankhwala akasakanizidwa ndinkachita kuwauza ana pakamwa, iwo n'kuloweza. Ana amenewo ankakhoza mayeso asanagwirepo botolo la asidi. Ndiye ndikamva kuti munthu anafika pa yunivesite ya m'tauni yaing'ono ngati lekichala wamba, n'kumapempha ndalama chaka ndi chaka, kugula makina limodzilimodzi, mpaka wophunzira wa mu Africa kutha kupanga molekyulu, kuiyeza ndi laser ndi kulemba pepala lake osakwera ndege kupita ku Ulaya, ndimavula chipewa. Iwo anachita kupita ku Canada kuti akagwire makina otere. Ophunzira awo sakufunikanso kutero. Ndipo abwera kuchokera m'maiko ambiri a mu Africa muno. Mmodzi mwa iwo, Kenneth Ozoemena wochokera ku Nigeria, pano ndi pulofesa wa kemisitiri ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, akuphunzitsa akeake.

WOULUTSA: Ulemu ndiye alandira wosawerengeka, nditchuleko pang'ono chabe. Mu 2005 boma la South Africa linawapatsa mendulo ya Order of Mapungubwe. Mu 2009 analandira mphotho ya L'Oréal-UNESCO ya amayi asayansi, kuimira Africa ndi maiko a Aluya. Mu 2016 bungwe la African Union linawapatsa mphotho ya sayansi ya Kwame Nkrumah. Ndipo mu 2023 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society ya ku London, bungwe lija munali Isaac Newton, chaka chomwechonso Papa Francis anawaika m'bungwe la asayansi la ku Vatican.

Aphunzitsi, nthawi yatithera, koma munandilonjeza kuti ana muwasiyira ntchito ya kunyumba.

APHUNZITSI: Ilipo, ndipo siifuna labotale. Tengani masamba obiriwira kwambiri, a nkhwani kapena a chinangwa, dzanja limodzi lodzaza. Asinjeni mu kamtondo mpaka afewe. Thiranimo spiriti woyera uja wotsukira zilonda, osati wapepo, wokwana kumiza masambawo. Pakhale munthu wamkulu, moto ndi kandulo zikhale kutali chifukwa spiriti amayaka, ndipo wina asalawe. Ndisamvenso kuti mwana wapita kukagula kachasu ati aphunzitsi a pawailesi atuma. Dikirani mphindi khumi, sefani ndi kansalu m'kabotolo koonekera mkati. Mupeza madzi obiriwira kwambiri. Lowani nawo m'chipinda chamdima, muunike ndi tochi yowala bwino kuchokera m'mbali, inu muyang'ane cha kutsogolo kwa botolo, pamene kuwala kukulowera.

WOULUTSA: Tiona chiyani?

APHUNZITSI: Madzi obiriwirawo aoneka ofiira ngati magazi. Nkhata ija ya m'tsamba yameza kuwala, koma popeza mwaichotsa m'tsamba, ilibe koipereka mphamvuyo, ndiye ina ikuibweza ngati kuwala kofiira. Ku labotale ya ku Rhodes amayeza chinthu chomwechi pa utoto wawo: mphamvu yobwerera ngati kuwala ndi yochuluka bwanji, yopita kwa okosijeni ndi yochuluka bwanji. Ngati kufiirako sikukuoneka, masamba achepa, onjezerani musinjenso.

WOULUTSA: Mwamva ana inu, ndi makolo omwe. Mukayesa mutilembere zimene mwaona, ndipo munene masamba amene munagwiritsa ntchito.

Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)